Funsani Amalume a ku Joni: ntchito yotsatsa malonda, ndisamuke kapena ndikhale?

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani imodzi, yosamuka kukagwira ntchito yotsatsa malonda kunja. Ndasankha anayi, ena ndawadulako poti anali ataliatali zedi.

Amalume, ine ndi mnyamata wa zaka 27, ndinamaliza ku Poly komwe pano akuti MUBAS, ndipo ndimagwira pa kampani ina yaing'ono yotsatsa malonda kuno ku Blantyre. Ndimalemba mauthenga a pa wailesi, mawu a pa zikwangwani, nthawi zina ndimajambulanso ndekha ndi foni poti abwana safuna kulipira wojambula. Malipiro akalowa pa 28 pofika pa 5 atha. Mnzanga ali ku Joni akuti ndingokwera basi ntchito ndikaipeza ndili konko, akuti anthu aluso ngati ine akusowa. Ndi zoona? Nanga kagwiridwe ka ntchito kumeneko kakusiyana bwanji ndi kuno? *Wotopa, Chilomoni*

Mphwanga, tiyambe ndi mnzakoyo. Umufunse kuti iyeyo amagwira ntchito yanji ndipo ali ndi pepala lanji, akayamba kuzungulira udziwiretu. Pasipoti ya Malawi imakulowetsa muno mu South Africa ngati mlendo, masiku 30 basi, ndipo mlendo saloledwa kugwira ntchito. Malamulo a 2014 anatsekanso njira ija yomalowa ngati mlendo kenako nkusintha viza uli mkati muno, ukuyenera kubwerera kumudzi ukapemphere konko. Ukapyola masiku aja potuluka amakudinda pa boda kuti ndiwe wosafunika, ndipo chiletso chake chimayambira chaka chimodzi mpaka zisanu. Pali maganyu ena omwe anthu amagwira opanda pepala, tonse tikudziwa, koma kampani yomwe imapangira malonda mabanki ndi makampani a mafoni singayerekeze, a HR, aja olemba anthu ntchito, funso lawo loyamba ndi pemiti, luso lako amalifunsa pambuyo. Nde kayambe wapeza ntchito, kenako viza, basi ija ukwere pomaliza.

Mavizawo alipo angapo, ya general work, ya critical skills, ndi ya intra-company transfer yomwe kampani yako imakutumiza ku nthambi yake ya kuno kwa zaka zosapitirira 4. Kuyambira Okutobala 2024 a Home Affairs amawerengera mapointi, amaona maphunziro ako, malipiro omwe akulonjeza, zaka zomwe wagwira ntchito ndi zina. Digiri yako ya ku Poly ikuyenera kudutsa kaye ku SAQA, bungwe loona za mapepala a maphunziro, kuti aiyeze ndi za kuno, ndipo zimenezi uyambe lero olo ulibe ntchito, zimatenga nthawi ndipo kampani siidikira munthu amene mapepala ake ali m'njira.

Tsopano ntchito yeniyeniyo. Ku Blantyre iwe ndiwe wolemba, wojambula, wokakambirana ndi kasitomala, mwinanso ndiwe yemwe umakatenga cheke. Kuno ntchito imeneyo aigawa kwa anthu asanu ndi mmodzi kapena kuposa. Pali woganiza njira amene amalemba brief, kapepala kofotokoza zomwe malondawo akuyenera kukwaniritsa, pali iwe wolemba mawu amene amakumangirira ndi mnzako wa zithunzi nkumagwira awiriawiri, pamwamba panu pali creative director, pambali pali a client service omwe ndi okhawo oyankhula ndi kasitomala, ndiye pali munthu wina amamutcha traffic, ntchito yake ndi kungoyenda desiki ndi desiki kufunsa kuti zafika pati. Ola lililonse umalilemba pa timesheet kuti wathera pa kasitomala uti, poti ndi momwe kampani imalipiritsira. Anthu ochokera kwathu chimenechi chimawasowetsa mtendere miyezi yoyamba, amaona ngati sakukhulupiriridwa.

Ndikuuze mmene review, nthawi yomwe bwana amaona maganizo anu, imakhalira kuti usadzadabwe. Inu awiri mwagona mochedwa, mwabwera ndi maganizo khumi ndi angapo, mwawamata pa khoma ndi tepi. Bwana uja amalowa kapu ya khofi ili m'manja, amayenda pang'onopang'ono osakuyang'anani, ayi, ayi, iyi tinaionapo, ayi, iyi ndi yabwino koma kasitomala alibe ndalama zake, kenako amaima pa kapepala kamodzi kamene iwe unangolemba mongodzazitsira, amakagogoda ndi chala nkunena kuti pitirizani aka. Mphindi zisanu, watuluka. Sikuti wakuda, mawa adzakugulira khofi. Kwathu munthu wamkulu akafuna kukana zako amayamba wakuyamikira kaye, amafunsa za kunyumba, kukanako kumabwera kumapeto mwaulemu, nde ukabwera ndi mtima umenewo sabata yoyamba udzalira ku toileti. Ganizo lija likapulumuka pamenepo likadutsenso kwa kasitomala, kwa maloya ake, ndipo likatuluka munthu aliyense atha kukadandaula ku Advertising Regulatory Board, bungwe lomwe linayamba mu 2018, kuti uthengawo ndi wonama kapena wonyoza, mpaka nkuuchotsa.

Koma nkhani yaikulu kwa iwe wolemba ndi chilankhulo, ndipo apa ndi pomwe mnzako uja sanakuuze. Luso lako lonse lili m'khutu, umadziwa mawu omwe akamveka pa Zodiak mu minibasi ya ku Ndirande anthu onse aseka mpaka kondakitala. Khutu limenelo ukawoloka Beitbridge silikugwiranso. Dziko lino lili ndi zilankhulo 12 zovomerezeka, uthenga umodzi wa pa wailesi umapita ku Ukhozi FM mu isiZulu, ku Umhlobo Wenene mu isiXhosa, ku Lesedi FM mu Sesotho, ku RSG mu Afrikaans, ndipo achinyamata a ku Soweto amasakaniza zonsezo m'chiganizo chimodzi. Taona malonda a Nando's, kampani ya nkhuku ija inayambira ku Rosettenville konkuno mu 1987. Amatchuka chifukwa choseka andale ndi nkhani zomwe zangochitika kumene, ndipo kuti ulembe zoterozo ukuyenera kudziwa kuti nduna iti inanena chani dzulo ndipo anthu akuitcha dzina lanji pa X. Iwe wobwera udzaseka mochedwa kwa chaka chathunthu.

Sindikunena kuti ulibe chogulitsa. Paja amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, bola udziwe kuti kalumo kako ndi kati. Makampani ambiri omwe ali ndi nthambi m'maiko a mu Africa likulu lawo lili kuno, Standard Bank ili mtauni muno, MultiChoice ili ku Randburg, MTN ku Fairland, Vodacom ku Midrand. Malonda a maiko enawo nthawi zambiri amaganiziridwa mu ofesi ya ku Sandton kapena Bryanston ndi anthu oti sanapondeko Lilongwe kapena Lusaka. Munthu amene angawauze kuti kumudzi wailesi imafika komwe intaneti siifika, kuti mlimi ndalama amaigwira msika wa fodya ukatsegulidwa osati pa Khirisimasi, kuti mayunitsi anthu amagula a tsiku limodzi, ameneyo amamumvera. Ndipo Chichewa chako sichithera pa Mchinji, chimamveka ku Chipata, ku Lusaka, ku Tete. Uzidzigulitsa ngati munthu wodziwa misika ya kumpoto kwa Limpopo, usapikisane ndi mwana wa ku Soweto pa nthabwala za ku Soweto.

Portfolio yako, zitsanzo za ntchito zomwe unapangapo, ikhale yochepa, ntchito zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi zitatu zomwe ukuzinyadira, iliyonse ufotokoze m'mizere iwiri ya Chingerezi kuti vuto linali chani ndipo ganizo lako linali chani. Za pa wailesi uike mawu omasulira pansi. Zija unangolemba "gulani lero mtengo watsika" usaikemo olo kasitomala anali wamkulu bwanji. Ma Loeries, mphoto zazikulu za ntchito yathuyi zomwe zinayamba mu 1978, amalandira ntchito zochokera mu Africa yense ndi Middle East, nde ukhoza kupikisana uli ku Ginnery Corner konko, dzina lako likangotuluka pa mndandanda wa ofika kumapeto mabwana a kuno amaliona.

Za ndalama. Chonde usatenge malipiro a malandi nkuwasintha m'makwacha pa foni kenako nkuyamba kuvina, makamaka chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 nambala iliyonse ya kuno imaoneka ngati chuma. Akakuuza malipiro ufunse ngati ndi cost to company, chifukwa mmenemo muli kale medical aid ndi penshoni, kenako a SARS adulepo msonkho, 1% ipite ku UIF, thumba lothandiza omwe ntchito yawathera, yotsalayo ndiye yako. Pamenepo uchotse lendi ndi dipoziti yake, magetsi ogula, ndi thiransipoti yomwe imadya kuposa mmene ukuganizira. Joni ndi mzinda womwazikana, anaumangira anthu a galimoto. Sitima ya Gautrain inayamba mu 2010 ndipo ndi yabwino, imaima pa Park, Rosebank, Sandton, Midrand, koma ku Bryanston ndi Randburg komwe kuli makampani ambiri otsatsa malonda njanji siifikako, ulumikize ndi basi kapena takisi. Matakisi ake ulibe wokuitanira ngati pa Limbe, umaimika ndi zala, chala m'mwamba ndiye kuti ukupita mtauni, ndipo ukakhala kutsogolo ndiwe wowerengera chenji cha anthu onse. Ukaweruka 10 koloko usiku palibenso za takisi, ndi Uber kapena Bolt, nde pa intaviyu pomwepo ufunse ngati kampani imalipira ulendo wa usiku. Ubwerenso ndi jekete yeniyeni, mzindawu uli pamwamba mamita oposa 1,700 ndipo Juni ndi Julayi kumazizira koopsa, nyumba zambiri zilibe chotenthetsera.

Ndiye pali abale. Azigogo athu ankabwera kuno ndi Wenela kudzakumba migodi, dzinalo mpaka lero lili pa depoti ku Blantyre, ndipo chiyambire nthawi imeneyo kumudzi amakhulupirira kuti wa ku Joni sasowa. Mwezi woyamba usanalandire nkomwe mauthenga a fizi ndi feteleza adzakhala atayamba, ena akutumizira ndi nambala ya Mukuru yomwe. Uikiretu malire. Komanso sindingakubisire, mu 2008 ndi 2015 kunali zipolowe zothamangitsa obwera mpaka boma lathu linatumiza mabasi kudzatenga anthu, ndipo mawu oterowo amamvekabe makamaka zisankho zikayandikira. Mu ofesi sudzaziona kwenikweni, koma posankha kokhala uzikumbukire.

Ine ndikanakhala iwe ndikanakhala kaye pa Blantyre chaka china, kukonza portfolio, kutumiza za SAQA, kusaka tintchito ta pa intaneti kwa makampani a kuno tomasulira ndi kukonza malonda a msika wa Malawi ndi Zambia. Akakuzolowera ndi iwowo amene adzayambitse nkhani ya viza.

Amalume, ndine mtsikana wopanga zithunzi ndi mapangidwe a malonda, ndili ndi pemiti ndipo ndikugwira ku Randburg. Kampani ina ya ku Cape Town yandiitana, malipiro ndi ofanana ndi a kuno. Anzanga akuti Cape Town ndi kokoma, kuli nyanja, anthu sathamanga. Ndipite? *Nachisale wa ku Ferndale*

Achemwali, musanayang'ane nyanja yang'anani pemiti yanuyo. Ngati ndi general work, inalembedwa dzina la kampani yomwe mukugwirayo, mukasintha ntchito mukuyenera kupemphanso, nde kampani yatsopanoyo ivomere polemba kuti idikira ndipo ithandiza. Musasiye ntchito ndi lonjezo la pa foni.

Malipiro ofanana ku Cape Town ndiye kuti mwatsitsidwa, lendi ya pafupi ndi tauni kapena Woodstock komwe kuli ma studio ambiri ndi yokwera kuposa Randburg, ndipo Disembala alendo akadzaza zinthu zimakweranso. Zoti sathamanga nzoona pang'ono, Lachisanu masana ofesi imayamba kupungulika anthu akupita kuphiri kapena kunyanja, pomwe kuno 5 koloko kasitomala akuimbabe. Koma deadline ndi deadline kulikonse. Kusiyana kwenikweni ndi makasitomala. Kuno ndi mabanki, mafoni, migodi, ntchito zikuluzikulu za misonkhano yambiri. Uko kuli masitolo, Woolworths, Pick n Pay, Shoprite, Takealot, a inshulansi ngati Sanlam, ndi a vinyo, ndipo kwa munthu wa zithunzi ngati inu zimenezo ndi zokoma, mumapanga mapaketi ndi zinthu zoti mukazigwira m'sitolo. Kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi makampani a ku Ulaya amabwera kudzajambulira malonda awo kumeneko pothawa chisanu kwawo, nde mumakumana ndi anthu omwe kuno simungawaone.

Chomwe ndimamva kwa ambiri omwe anapitako ndi kusungulumwa. Ku Joni munthu mwakumana lero Loweruka wakuitanani kale ku braai kukaotcha nyama, uko anthu ali ndi magulu awo a kusukulu ndipo kulowamo nkovuta. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400 kuchoka kuno, nde ulendo wa kumudzi pa basi wawonjezera tsiku lina. Akakwezako ndalama pitani, zaka ziwiri ku Cape Town zimakongoletsa portfolio. Akakana, khalani.

Amalume, ndakhala ndikuyang'anira makasitomala pa kampani ina ku Sandton kwa zaka zingapo ndipo ndikuona ngati ndafika pothera. Ndikuganiza za Dubai kapena London. Ndili pabanja, ana awiri. Kwabwino nkuti? *Bambo a awiri, Midrand*

Achimwene, mwafunsa ngati kuti mizinda iwiriyi ikukudikirani pa geti kkkk. Komabe tiyeni.

London khomo lake ndi lopapatiza. Viza ya Skilled Worker imafuna kampani yokhala ndi chilolezo chokuitanani, ndipo malipiro ochepetsetsa anawakweza kufika £38,700 mu Epulo 2024, kenako £41,700 mu Julayi 2025. Pamwamba pake pali ndalama ya zaumoyo yolipiriratu, £1,035 pa chaka munthu wamkulu mmodzi, nde muwerengere ndi akunyumba ndi ana omwe. Mukalowa, ntchito yake ndi yadongosolo, tchuthi ndi masiku 28 pa chaka pomwe kuno lamulo limapereka masiku 21 otsatizana omwe ndi 15 a ntchito, ana amaphunzira sukulu za boma osalipira, galimoto simuifuna. Koma udindo amakutsitsani, amene anali director ku Sandton amakayambira pansi pang'ono poti akuti simukudziwa msika wawo, ndipo Disembala 4 koloko masana kunja kwada kale. Makampani a kumeneko anthu ochokera ku Joni amawalemekeza, dzina la kampani yotsatsa malonda ngati TBWA\Hunt\Lascaris yomwe inayambira kuno mu 1983 kapena Ogilvy pa CV amalidziwa, ndipo njira yosavuta ndi kupempha kusamutsidwa mkati mwa kampani yomwe ili ndi maofesi mbali zonse ziwiri.

Dubai amalemba msanga ndipo malipiro sadulidwa msonkho, ndi chifukwa chake aliyense amaitchula. Makampani ambiri ali ku Dubai Media City, ofesi imodzi mumapezeka a ku Lebanon, India, Egypt, Britain, South Africa, ndipo ntchito zambiri zimatuluka m'Chingerezi ndi Chiarabu. Kuyambira Januwale 2022 boma lawo linasintha sabata kuti iziyamba Lolemba, koma makasitomala a ku Saudi Arabia amayamba Lamulungu, nde mukapatsidwa kasitomala wa ku Riyadh Lamulungu lanu foni izilira muli ku tchalitchi. Nyengo yaikulu ya malonda ndi Ramadan, imakonzedwa miyezi ingapo isanafike. Vuto kwa inu a banja ndi ili, sukulu za ana ndi zolipira ndipo ndi zodula, lendi ambiri amafuna macheke ochepa a miyezi ingapo nthawi imodzi, ndipo viza yanu yamangirira pa ntchito, ikatha ntchito mumapatsidwa nthawi yochepa kuti mupeze ina kapena munyamuke nonse. Musasaine kontrakiti yopanda fizi ya ana, inshulansi ya banja lonse ndi matikiti a kumudzi.

Mukanakhala mbeta ndikanati Dubai zaka zitatu, sungani ndalama, mangani ku Area 49. Ndi ana awiri, London ngati kampani ikulipirirani viza, apo ayi taganizaninso za Nairobi yomwe simunaitchule, ndi likulu la malonda a kum'mawa kwa Africa, kuli kampani yotsatsa malonda ya WPP Scangroup ndi ya mafoni ya Safaricom, ndipo ndege yopita ku Lilongwe ndi ya maola awiri okha ndi pang'ono.

Amalume, ine sindigwira zotsatsa malonda koma amuna anga ndi omwe amagwira. Tinabwera kuno chaka chatha kuchokera ku Lilongwe. Kumudzi 5 koloko amakhala afika, kuno akumabwera 11 usiku, nthawi zina Loweruka lomwe, akuti kuli pitch. Ndalama ya ovataimu sindikuiona. Kodi pitch yo ndi ntchito kapena ndi munthu? *Mayi wodabwa, Kempton Park*

Mayi, pitch ndi ntchito ndithu, ngakhale sindingalumbirire mwamuna wa munthu. Kampani yaikulu ikafuna otsatsa malonda atsopano imaitana makampani atatu kapena anayi kuti apikisane, imawapatsa masabata ochepa, aliyense akonze malonda athunthu ngati kuti ntchito waipeza kale, kawirikawiri osalipidwa kanthu. Opambana amadya zaka zingapo, olephera nthawi zina amachotsa anthu ntchito. Nde sabata yomaliza anthu amagonadi mu ofesi, chakudya chake pizza. Ku Lilongwe zinali zosiyana chifukwa makasitomala ambiri ndi mabungwe ndi boma, amayendera tenda ndi malipoti, 5 ikakwana aliyense wanyamuka.

Za ovataimu asakunamizeni kuti akubisa. Lamulo la ntchito kuno limati maola 45 pa sabata ndipo owonjezera alipidwe, koma ndime imeneyo siikhudza omwe amalandira kupyola malire ena ake, mu 2025 anali pafupifupi R260,000 pa chaka, ndipo ambiri a m'maofesi amenewa ali pamwamba pa pamenepo. Chomwe angapemphe ndi tsiku lopuma pitch ikatha, makampani ambiri amapereka ukafunsa, osafunsa sapatsidwa. Miyezi yoipa ndi Ogasiti mpaka Novembala pokonzekera Black Friday ndi Khirisimasi, kenako cha pa 16 Disembala maofesi ambiri amatseka mpaka Januwale, pamenepo mudzatopa nawo pakhomo.

Koma pitch iliyonse ili ndi tsiku lokaonetsa kwa kasitomala. Afunseni tsikulo mulilembe pa kalendala ya kukhitchini. Likadutsa iwo nkumabwerabe 11 koloko, mundilemberenso, imeneyo tidzaiyankha pa tsamba la zam'banja.